Nsapato ya Kumanzere

Kwa inu akazi a bambo anga,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, pamodzi ndi akulu anu amene mukukhala nawo ndi ana awo onse. Msana uja unkakuvutani kukazizira, kodi unasiya? Ine ndili bwino, kungoti thupi latopa. Bambo ali moyo. Ndafulumira kunena zimenezi kuti mtima wanu ukhale pansi, chifukwa ndikudziwa kuti mutangoona zilembo zanga pa phukusili mwaganiza za maliro. Munthu amene wakhala zaka ziwiri osakufunsani ngakhale mmene mwadzukira salemba kalata ya nkhani yabwino.

Phukusilo musatsegule kaye. Ngati mwatsegula kale, poti ndimakudziwani kuti simupirira, ndiye kuti mwaona kuti muli nsapato imodzi. Sindinapenge. Werengani mpaka kumapeto.

Mwina mukuti bwanji osangoimba foni. Nambala yanu ndinaifufuta, koma mutu wanga unakana kuiiwala, ndiye chifukwa si chimenecho. Chifukwa chake n'chakuti pafoni pakamwa panga pamathamanga kusiya nzeru m'mbuyo. Cholembera chokha ndicho chimandidikira.

Ndikulemba ndili pa benchi la m'khonde la chipatala. Ndi masana, nthawi yoona odwala sinakwane. Dzuwa likulowera pa mawindo a m'mwamba, ndipo fumbi likuyandama m'kuwalamo ngati lilibe kopita. Amayi ena akukolopa, ndowa yawo ikulira patali. Masiku ano zinthu zonse ndikuzimva chonchi, ngati ndili pansi pa madzi.

Masiku khumi ndi awiri apitawo, m'mawa, ndinkachotsa bambo pabedi kuti ndiwakhazike pampando, monga ndakhala ndikuchitira chichokereni inu. Sanagwe. Mundimve bwino pamenepa, sanagwe. Ndinawagwira m'khwapa, ndinawatembenuza, phazi lakumanzere linangokhudza simenti, basi ndinamva kaphokoso kakang'ono, thyo, ngati choko chathyoka m'manja mwa aphunzitsi. Bambo sanakuwe. Anangotsegula pakamwa ngati munthu amene wakumbukira kuti wasiya mphika pamoto.

Linali fupa la m'chiuno, pamene ntchafu imalumikizira. Mbali yomweyo imene sitiroko inagwira zaka zinayi zapitazo.

Atawajambula ekisireyi, adokotala anandiitanira m'kachipinda kawo. Ndi mtsikana woti tingalingane zaka, amasomeka cholembera m'tsitsi. Ananyamula chithunzicho n'kuchiika pagalasi la windo kuti dzuwa lichiwalire. Mbali yakumanja fupa linali loyera mbee. Mbali yakumanzere linali lotuwa, lopyapyala, ngati utsi umene wayamba kubalalika. Panja pa windolo pali mtengo, ndipo ndinaona nthambi zake zikugwedezeka mkati mwa chiuno cha bambo anga. Mbalame inadutsamo. Ndinaima pamenepo kuonerera, mpaka adokotala anandigwira paphewa.

Anandifunsa ngati ndikudziwa chimene ndikuona. Mukundidziwa. Ndinawauza kuti ndinafika Fomu 4, bayoloje ndinakhoza bwino, mafupa a munthu ndikhoza kuwatchula kuyambira kumutu mpaka kuchala. Iwo anaseka pang'ono, nati kutchula n'kwabwino, koma kodi aphunzitsi anandiuza kuti fupa si thabwa? Akuti fupa ndi chamoyo, ndipo chakudya chake china ndi kulemera kwa mwini wake. Ukamaliponda limalimba. Ukalisiya limaganiza kuti lachotsedwa ntchito, n'kuyamba kulongedza katundu wake pang'onopang'ono.

Akuti munthu akagwidwa ndi sitiroko, tonse timayang'ana pakamwa popotoka ndi dzanja lolendewera, pamene mkati mafupa a mbali yofookayo ayamba kufumbwa mwakachetechete, makamaka munthuyo akamangogona, osaima, osaona dzuwa. Sizipweteka, sizitupa. Umangodzadziwa tsiku la thyo.

Kenaka anandifunsa kuti bambo amaima kangati patsiku, ndipo amakhala padzuwa nthawi yanji.

Ndinayankha monyada, inu. Ndinati m'zaka ziwiri zimene ndawasamala ine sanayendepo ngakhale phazi limodzi, sanagwepo, alibe ndi chilonda chomwe kumsana. Adokotala anachotsa cholembera m'tsitsi, anachiyang'ana, anachibwezeramo. Atatero anati ndisadziimbe mlandu, matendawa amadya mafupa ngakhale a anthu amene akuyesetsa kuyenda, kungoti kuyendako kumachedwetsa. Ndinamva bwinobwino. Anthu ophunzira akamati si vuto lako, amakhala akukukokera mpando kuti usagwere pansi.

Tsiku tinayambana lija mukulidziwa, koma mukulidziwa mutaima mbali yanu. Lekani ndikuuzeni mmene linkaonekera mbali yanga.

Magetsi anazima kushopu ya fotokope kumene ndimagwira ntchito, abwana anatiuza kuti tizipita. Ndinafika pakhomo dzuwa lisanafike pamutu. Ndinapeza bambo ali thasa pansi, pafupi ndi chingwe choyanikira zovala, magazi ali chuchuchu pachikope, nsapato zili kumapazi. Inu munali mutawerama pamwamba pawo. Ndipo katani yobiriwira ija, imene mayi anga anasoka ndi manja awo chaka chimene anamwalira, munali mutaichotsa pawindo la kuchipinda n'kuipinda pampando ngati chiguduli.

Sindikudziwa chimene chinandipsetsa mtima kwambiri, magaziwo kapena kataniyo. Panopa ndikhoza kuvomera kuti inali katani.

Zimene ndinalankhula aneba onse anamva, mpaka amene amakhala kuseri kwa mpopi. Ndinati mwatopa kuchapa mwamuna wopuwala. Ndinati mukufuna mumalize zimene sitiroko inasiya kuti nyumba ikutsalireni. Ndinakumbutsanso mmene munabwerera m'banja mwathu, kuti munkapita kubenchi la bambo ndi sandasi imodzi yomweyo katatu pamwezi, ngati kuti tauni yonse inalibe wosoka nsapato wina. Ndinati lambalo munkalidula nokha ndi lezala. Pa mfundo yokhayi sindinasinthe maganizo, lamba sathothoka mowongoka choncho.

Inu simunandibwezere. Munangoti madzi a m'ketulo awira, ndiwasiye azizire kaye ndisanatsuke chilondacho. Ndikanakonda mukanandilalatira. M'mawa mwake munanyamuka ndi chikwama chimodzi, ndipo ine ndinaima pakhomo nditapinda manja, kuonetsetsa kuti simunatenge supuni.

Tsiku lomwelo ndinabwezera katani pawindo. Nsapato ndinaziponya pamwamba pa wadiropu, kuseri kwa sutikesi. Ndinalumbira kuti bambo anga sadzagwanso.

Chipinda chija chinasanduka chobiriwira. Dzuwa likamenya kataniyo, makoma, mashiti, ngakhale nkhope ya bambo, zonse zinkaoneka ngati pansi pa dziwe. Ndinkachikonda choncho. Ndikabwera pa nthawi ya nkhomaliro kudzawatembenuza ndinkawapeza ali phee, maso ali kudenga, akupuma pang'onopang'ono ngati nsomba yaikulu imene palibe angaivuule. Ndinkawadyetsa, kuwameta, kuwadzoza mafuta, kuwawengera zikhadabo. Ndinkawasunga ngati mbale ya alendo m'kabati. Nthawi zina ankakweza dzanja lakumanja n'kuloza kuwindo, ine n'kuganiza kuti kuwala kukuwathobwa m'maso, n'kukoka kataniyo kuti itseke bwino.

Ndinkaona kuti akupepuka. Chaka choyamba ndikawanyamula msana unkandiwawa, chaka chachiwiri ayi. Ndinkadziyamikira kuti ndalimba.

Opaleshoni anawachita sabata yatha, anawaika chitsulo m'chiunomo. Tsiku lotsatira kunabwera bambo a mafizo, ophunzitsa odwala kuyendanso, chimunthu cha mikono ngati mitondo koma mawu ake ngati a mwana wa kwaya. Anandiuza kuti ndibweretse nsapato zotseka, zomanga ndi zingwe, chifukwa masilipasi amagwetsa odwala. Ndinapita kunyumba, ndinakwera pampando, ndinazitulutsa kuseri kwa sutikesi zili mbuu ndi fumbi.

Mwina bambo anakuuzanipo za masewera athu. Ndili mwana ndinkakhala pansi pa benchi lawo, pakati pa zidutswa za chikopa ndi fungo la guluu, iwo n'kumandiponyera nsapato ya kasitomala kuti ndiwerenge kunsi kwake. Ndinkati uyu amathamangira basi. Uyu amabereka mwana mbali imodzi. Uyu amamwa, ndipo akaledzera amapendekera kumanja. Ndikalondola ankandigulira siwiti, ndikaphonya ankandipaka polishi pamphuno. Ndinadziwa kuwerenga soli ndisanadziwe kuwerenga buku.

Ndiye ndinatembenuza nsapatozo, mwa chizolowezi chabe.

Yakumanja inalibe nkhani. Yakumanzere, imene muli nayo m'manjayo, itembenuzeni nanunso. Kutsogolo kwake kunadyeka chifukwa chokwekwesa pansi, ndipo pali chigamba cha mphira wa tayala. Ndinachikanda ndi chikhadabo n'kupeza kuti pansi pake pali chigamba china, pansi pa chimenecho chinanso. Zigamba zitatu. Umenewo si ulendo wa tsiku limodzi lochita kuba. Ndi miyezi ndi miyezi.

Kenaka ndinaona kasokedwe. Ndi ka bambo, sindingakasokoneze: kawiri kutsogolo, kamodzi m'mbuyo, mfundo kuibisa mkati. Koma ulusi wa mbali imodzi ndi wokoka mwamphamvu, wa mbali inayo ndi wolobodoka, wokhotakhota, wa munthu amene sanagwirepo singano ya nsapato. Kusoka kumeneku kumafuna manja awiri okoka nthawi imodzi, ndipo bambo anatsala ndi limodzi. Ndinakhala pansi pa simenti, nsapato ili pamiyendo. Dzanja lawo lamanzere munali inu.

Mumasoka moipa kwambiri, ndikuuzeni. Koma chigambacho sichinachoke.

Ndinatuluka nayo mpaka kwa aneba aja a mpanda wa malata, amene amaluka majuzi. Anangoiona n'kuika singano zawo pansi. Akuti m'mawa uliwonse, ine ndikangokhota pakona, inu munkachotsa katani, kuwaveka bambo nsapato, n'kuwatulutsa. Kuchokera pakhonde kufika pa chingwe cha zovala ndi mapazi makumi awiri ndi awiri, akuti ankawerenga nawo ali kuseri kwa mpanda. Inu munkakuwa manzere, manja, manzere, manja ngati msilikali, bambo n'kumakutukwanani ndi theka la pakamwa, kukutchulani Sajeni. Mukafika pachingwepo munkawavula shati kuti dzuwa liwaombe kumsana, inu n'kumayanika zovala. Akuti sabata imene anagwa ija anali atayamba kufika pageti.

Ndinafunsa kuti nanga bwanji palibe anandiuza. Amayiwo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nati kodi ine Tsabola ndimauzidwa zinthu? Akuti ndinaiwala kuti tsiku limene bambo anatuluka m'chipatala atadwala sitiroko ndinalamula kuti wina aliyense asawaimiritse ine palibe? Akuti mdadada wonse unkandiopa, ndi agalu omwe.

Pamenepa nanunso munalakwa, musaganize kuti ndikusiyani. Munali munthu wamkulu. Mukanandikhazika pansi n'kundiuza. Inde ndikanakulalatirani, koma mukanandiuzabe kachiwiri. Munasankha kuchita zabwino mobisa ngati mukuba, ndipo ine ndinakugwirani ngati wakuba.

Dzulo ndinasinza pa benchi lomwe lino, dzuwa likundiomba m'mawondo. Ndinalota bambo atapepuka kwambiri moti anayamba kukwera m'mwamba, ndi malaya a chipatala omwe. Anadutsa chingwe cha zovala, anadutsa denga, ndipo dzuwa linkaonekera mkati mwawo ngati pa chithunzi chija. Ine ndinali nditagwira chingwe cha nsapato yawo, chikutalika, chikutalika, ndikukuwa kuti asagwe, asagwe, chonsecho munthu akupita kumitambo. Kenaka ndinamva mawu anu kumbuyo kwanga akuwerenga. Mukati manzere, bambo ankatsika pang'ono. Mukati manja, ankatsikanso. Ndinadzidzimuka asanafike pansi, amayi okolopa aja akundiuza kuti ndikweze miyendo.

Tsopano nkhani imene ndalembera ndi iyi. A mafizo akuti chitsulo chagwira bwino, ndipo bambo ayenera kuyamba kuima panopa, osati mwezi wamawa. Akuti tsiku lililonse limene agona likuchotsapo kanthu, pa mnofu, pa chifuwa, ndi pa mafupa a mbali yabwino yomwe. Mankhwala olimbitsa mafupa awayambitsa, mkaka akumwa, koma akuti palibe piritsi limene lingaponde pansi m'malo mwa munthu. Anandiuza mosabisa kuti akatuluka muno asanaime, ndiye kuti akubwerera kubedi lija mpaka kalekale.

Bambo akukana. Akangomva chitsulo choyendera chikubwera m'wodi, amatseka maso n'kuyamba kuliza mkonono wabodza. Anamwino awanyengerera, adokotala awaopseza, abambo a bedi loyandikana nalo awanyoza kuti mwamuna wanji woopa simenti. Iwo n'kumangopitiriza mkonono wawo. Akuopa, ndipo ndine amene ndinawaphunzitsa mantha amenewo, m'mawa ndi madzulo kwa zaka ziwiri.

Nditawaveka nsapato anayang'ana chigamba chija nthawi yaitali. Anandikodola kuti ndiwavule yakumanzereyo, anaigwira, n'kumasisita ulusi wokhotakhota uja ndi chala chachikulu. Misozi inatuluka diso limodzi lokha. Mukudziwa mmene amalankhulira, mawu amagwa limodzilimodzi ngati mpopi wotseka moperewera. Ndinadikira onse mpaka anakwana. Akuti ine ndimawagwira ngati dzira. Akuti inu munkawagwira ngati mwamuna.

Ndinayesa, musati sindinayese. Ndinaima kutsogolo kwawo, ndinatukula chifuwa, ndinati manzere, manja. Mawu anga, omwe aja amamveka mpaka kumpopi, anatuluka akunjenjemera. Bambo anatsegula diso limodzi, anandiyang'ana, nati Sajeni wabodza. Wodi yonse inafa nacho chiseko, ine ndinakalirira kubafa.

Choncho ndinalakwa. Mawu amenewa ndayamba ndawalemba katatu kuseri kwa kapepala ka mankhwala kuti ndione ngati dzanja lithothoke, silinathothoke. Ndinalakwa kukunenani kuti mukufuna kuwapha, pamene m'nyumba monse munali inu nokha amene munkawafuna amoyo mpaka m'mafupa. Ndinalakwa kukuchititsani manyazi pamaso pa aneba. Ndinalakwa kuwerenga masupuni.

Za makapu a mayi anga aja munapatsira anyamata openta nyumba kuti amwere tiyi, limodzi n'kubwera lopanda chogwirira, sindinakhululukebe. Sindikufuna kukunamizani m'kalata yopepesa. Mwina chaka chamawa.

Katani ndachotsa. Sindinataye, ndachapa, ndayala pabedi langa, ndipo ndapeza kuti mayi anga ndikuwamva bwino ili pamenepo kusiyana ndi ili pawindo. Dzuwa litalowa m'chipinda chija ndinadabwa kuona kuti makoma ndi achikasu. Ndinali nditaiwala. Ndinakhala pabedi la bambo mpaka kuwala kunayenda kuchoka pakhomo kufika pa wadiropu, ndipo ndinaganiza kuti ulendo umenewu ukanamawadutsa pamiyendo tsiku ndi tsiku.

Bwerani. Sindikudziwa kupempha mokoma, ndiye ndangolemba mmene zilili. Sindikuti mudzakhale mpaka muyaya ngati mtima wanu unachokamo m'nyumba muja, ufulu umenewo ndinakupatsani ndekha ndi pakamwa pangapa. Mudzangowaimiritsa. Mudzawakuwire, adzakutukwaneni, ine ndidzaima kumbuyo ndi mpando nditatseka pakamwa. Ndikudziwa kuti mwaseka pamenepa. Anamwino akuti ali ndi pulasitala wokwanira.

Kondakitala amene wakupatsirani phukusili amabwerera kuno mawa lake. Ngati simubwera, mupatseni nsapatoyo aibweretse, musavutike kulemba kalikonse. Ndikaiona ikutsika yokha m'basi ndidzamva yankho, ndipo ndidzayesetsa kuti ndisakunenereni zoipa. Koma dziwani kuti a mafizo afunsa kale kawiri kuti inzake ili kuti, ndipo anafuna kubwereka ya mlonda wa pageti. Ndawakaniza. Ndawauza kuti nsapato ya bambo ili m'njira, ikubwera ndi mwini ulusi. Bambo anamva, ndipo kuyambira pamenepo mkonono uja wachepa, maso amangokhala kukhomo la wodi. Yakumanja ndaipaka polishi, ili pansi pa bedi, yaloza komweko.

Mundiperekere moni kwa akulu anu. Ndikudziwa kuti dzina langa m'nyumba mwawo silitchulidwa anthu akudya, koma muwapatsebe moniwo. Moninso kwa alamu anu ndi ana onse. Aneba a majuzi akuti ndikuuzeni kuti chingwe cha zovala chikadali pomwe paja, mapazi makumi awiri ndi awiri. Mulungu akusungeni, akupatseni mpando wa pawindo, ndipo msanawo usakuvuteni panjira.

Chimodzi chokha chikundisowetsa mtendere: sindikudziwa kuti ndidzakuitanani ndani mukadzatsika basi. Zaka zonsezi ndakhala ndikungoti inu, kapena akazi a bambo. Liwu linalo, limene mukulidziwa, ndaliyesa pano pa benchi motsitsa mawu, koma likukanirira pakhosi ngati mwendo umene sunapondepo pansi. Mukabwera mudzandiwerengere nanenso, pang'onopang'ono. Manzere, manja.

Ndine mwana wanu wopeza,
Tsabola